Kagalu kouwa usiku wonse: tikaphunzitse bwanji kuti kadzakhale mlonda wodalirika?

Banja likatenga kagalu, sabata yoyamba pakhomo sipagoneka. Kamayamba kulira dzuwa likangolowa, kuleka pang'ono, n'kuyambiranso pamene tulo tafika pokoma. Masana kamatsatira aliyense wotuluka m'nyumba, kukoka nsonga ya chitenje, kuuwa pamene banja lakhala pamphasa kudya kondowole. Bambo amene achezera pa chilimira usiku wonse, akabwera m'mawa kuti apumule, amapeza phokoso lili pakhonde. Oyandikana nawo nyumba amayamba kulankhula mokuluwika. Mapeto ake timawadziwa tonse: kagalu kamamenyedwa, kamamangidwa pamtengo wa mango kutali ndi anthu, mwinanso kamakatayidwa mu msewu wa M5.

Komatu kuno ku Tukombo galu timamutenga chifukwa cha ntchito. Usipa uli pathandala, maukonde ndi injini zili kugombe, mbuzi zili m'khola, ndipo chinangwa cha m'minda ya kufupi ndi mapiri anyani ndi nguluwe sizichisiya. Chimene tikufuna kwa galuyo ndi mawu ake omwewo amene lero akutisowetsa tulo. Vuto lili apa: galu amene amauwa chilichonse, nkhuku, tsamba, mwana wodutsa, amafika poti eni ake sadzukanso akamumva. Usiku umene mbala idzabweredi, tonse tidzangotembenuka pamphasa n'kunena kuti "ndi uja, amatero." Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Ntchito yathu m'miyezi yoyamba ndi kulera kagalu kuti kadzafike pamenepo, kuti kakauwa pakhale chifukwa.

Kulira kwake kuli mitundu itatu

Tisanachite chilichonse, timvetsere kaye. Kagalu kamalira pa zifukwa zitatu, ndipo chilichonse chili ndi yankho lake.

Choyamba ndi kulira kwa kusowa: njala, ludzu, kuzizira, kupweteka, mantha, kapena kufuna kukadzithandiza. Kumeneku timakuyankha msanga, pochotsa vutolo. Chachiwiri ndi kulira kofuna kuti tikayang'ane: kakhuta, kali bwinobwino, koma kakufuna munthu akaseweretse kapena akaponyere chakudya. Kamauwa kakuyang'ana inu m'maso, n'kudikira kuona ngati mwamva. Kumeneku sitikuyankha. Chachitatu ndi kuuwa kochenjeza: makutu ali chilili, thupi lauma, maso ali kunjira kapena kumunda, osati kwa inu. Kumeneku ndiye chuma chathu, timakuyankha potuluka kukaona.

Makomo ambiri amatembenuza zinthu. Kagalu kakalira ndi mphepo ya usiku amakasiya, kakauwa pa nsima amakaponyera nthongo kuti kakhale chete, kakauwa mlendo amakagenda. Pamenepo kaphunzira kuti kupempha kumalipira ndipo kulonda kumapweteka.

Yambani ndi zimene thupi lake likufuna

Kulira kwambiri kwa masiku oyamba kumachokera pa kukachotsa kwa mayi wake kasanakhwime. Ana a galu amabadwa osaona, maso amatseguka pakati pa masiku 10 ndi 14, ndipo amayamba kulawa chakudya pa masabata atatu kapena anayi. Akatswiri a ziweto amalangiza kuti kagalu kakhale ndi mayi wake ndi anzake mpaka masabata 8. M'masabata amenewo ndi mmene kamaphunzira kuti kuluma kwambiri kumathetsa masewera, chifukwa mnzake akalumidwa amalira n'kuchoka. Kotengedwa pa mwezi umodzi kamalira kwambiri, kamaluma kwambiri, ndipo kamadwala msanga. Ngati mwalonjezedwa kagalu ku Kande kapena ku Chintheche, pirirani, kasiyeni konko mpaka miyezi iwiri ikwane.

Nthawi yokatengera nayo isankheni. Mwezi ukamawala kwambiri, usipa sukokeka ndi nyali ndipo asodzi ambiri amagona kunyumba. Masiku amenewo ndi abwino, chifukwa pakhomo pamakhala anthu okwanira osinthana kudzuka. Miyezi ya mwera, makamaka Juni ndi Julaye, kumphepete kwa nyanja usiku kumazizira, ndipo kagalu kamene kanazolowera kugona mounjikana ndi anzake sikangathe kudzifunditsa kokha.

Pogona pake pakhale dengu lakale kapena katoni, muli thumba louma ndi chiguduli, pamalo osawomba mphepo. Ngati n'kotheka, pemphani kansalu kamene mayi wake amagonera kuti fungo likatonthoze. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu limathandizanso. Masiku oyamba denguli likhale pakhonde pafupi ndi chitseko, pamene kangamve anthu akupuma ndi kutsokomola m'katimo. Mukatero mudzalisuntha pang'onopang'ono mpaka kufika pamalo pamene mukufuna kazikhala. Zogonera muziyanika padzuwa ndi kuzisintha, chifukwa ntchentche zimene zimabweretsa mphutsi zimaikira mazira pa dothi ndi nsalu zonyowa ndi mkodzo. Kagalu ka mphutsi pakhungu kamalira usiku wonse, ndipo si mwano ayi, ndi ululu.

Kamimba kake n'kakang'ono. Mpaka miyezi itatu kadye kanayi pa tsiku, mpaka miyezi 6 katatu, kenako kawiri. Makombo a kondowole okha sakwanira, chifukwa chinangwa chili ndi mphamvu koma zomanga thupi n'zochepa kwambiri. Phala la mgaiwa losakaniza ndi usipa wowiritsa wosinja, wopanda mchere wambiri, ndi chakudya chabwino ndipo tili nacho pafupi. Nsomba muziphika, popeza nsomba zina zaziwisi zili ndi chinthu chimene chimawononga vitamini B1 m'thupi, ndipo moto umachithetsa. Minga za chambo, kampango ndi batala zichotseni. Madzi oviikamo chinangwa chowawa kasamwe, muli poizoni. Madzi abwino akhale m'mbale yake nthawi zonse, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene mchenga umawotcha mapazi.

Njoka zam'mimba nazo zimaliritsa. Kagalu kotupa mimba, kowonda, kaubweya wosawala, kakufunika mankhwala. Alangizi a ziweto a kudera kwathu kuno ndi amene angakuuzeni mankhwala ndi muyezo wake malinga ndi kulemera kwake. Kawirikawiri amapereka masabata awiri aliwonse kakadali kakhanda, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6. Mankhwala a anthu ochepetsa ululu, monga Brufen, musakapatse, amatha kukapha.

Chinanso chimene ambiri sitichiganizira ndi tulo. Kagalu kamagona maola 18 mpaka 20 pa tsiku. Ana akamakadzutsa mphindi iliyonse, kukanyamula, kupita nako kugombe, madzulo kamakhala ngati mwana wotopa: kuuwa, kuluma, kuthamanga mozungulira. Lamulo kwa ana likhale lomveka bwino, kagalu kakalowa m'dengu lake palibe wokakhudza.

Pomaliza, chikhodzodzo chake sichisunga mkodzo usiku wonse. Katulutseni kakangodzuka, kakangodya, ndiponso musanagone. Kakalira pakati pa usiku, pitani nako pamalo pake podzithandizira, osalankhula, osasewera nako, kenako kabwezereni m'dengu. Nthawi imene timadzuka kukonzekera Swala ya Subuhi ndi yabwino kukatulutsanso, ndipo kakazolowera nthawi imeneyo kamayamba kudikira kokha.

Kulira kofuna kuti tikayang'ane

Tiyerekeze kuti zonsezi zachitika. Kakhuta, kagona, kadzithandiza, sikakudwala, koma kakuuwabe pamene mwakhala pansi kusoka ukonde. Apa mfundo ndi imodzi: galu amabwereza chimene chamupindulira. Ndipo kwa kagalu phindu si chakudya chokha. Kukayang'ana ndi phindu, kukatchula dzina ndi phindu, ngakhale kukakalipira kuti "iwe, choka!" ndi phindu, chifukwa kapeza chimene kamafuna, nkhope yanu yatembenukira kwa iko.

Ndiye kakayamba kuuwa kotere, musakayang'ane, musalankhule, musakakhudze. Pitirizani ntchito yanu. Kakakulumphirani, tembenukani n'kukapatsa msana. Kakapitiriza, imirirani mulowe m'nyumba kwa kanthawi. Kakangokhala chete, ngakhale kwa kamphindi, pamenepo ndiye tembenukani, katchuleni dzina mofatsa, kapatseni kamutu ka usipa. Mphotho ifike nthawi yomweyo, pasanathe masekondi awiri, apo ayi sikadziwa chimene mukukathokozera. Tsiku lotsatira dikirani kuti chetecho chitalikeko musanapereke, ndipo muziwonjezera choncho.

Konzekerani chinthu chimodzi. Mukayamba kusalabadira, phokoso limayamba lakula lisanachepe. Zili ngati munthu amene akukoka chingwe cha injini imene dzulo inalira kamodzi: ikakana lero, sasiya, amakoka mwamphamvu kambirimbiri. Kagalu nakonso kamayesa mokweza. Apa ndi pamene mabanja ambiri amagonja n'kukaponyera nthongo, ndipo kamaphunzira phunziro loipa kuposa loyamba, lakuti ukauwa nthawi yaitali anthuwa amapereka ndithu. Mukapirira masiku angapo amenewo, kamaleka.

Nkhaniyi ndi ya banja lonse. Bambo akamakana, agogo n'kumapereka mobisa pansi pa mphasa, palibe chimene chichitike. Galu amene amalandira nthawi zina n'kumanidwa nthawi zina ndiye amaumirira kwambiri, ngati msodzi wa mbedza amene anakolapo kampango pamalo ena, amabwererako ngakhale papite sabata osapha kanthu. Khalani pansi mugwirizane: chakudya cha kagalu chizipita m'mbale yake, pamalo pake, banja lisanayambe kudya. Pamphasa yodyera pasachoke kanthu.

Pathandala lamuloli likhale lolimba kwambiri. Musakaponyere usipa mutaima pamene mukuyanika. Kakadziwa kuti nsomba zimachokera pamwamba apo, lero kazipempha, mawa kadzakwera kokha, ndipo mlonda wasanduka mbala. Ogula nawonso safuna nsomba zimene galu wanunkhiza. Mphotho yophunzitsira muziisunga m'kachitini, n'kumaipereka kutali ndi thandala.

Kusalabadira kokha sikukwanira. Kagalu kamene sikapatsidwa nthawi kadzaifuna mokakamiza. Patulani mphindi zochepa katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi madzulo, zosewera nako ndi kukaphunzitsa kubwera kakaitanidwa ndi kukhala pansi. Muyambe ndinu, pa nthawi imene kali phee. Mukakaona kagona mwakachetechete pambali panu, kayamikireni pomwepo. Ambirife timaona galu pokhapokha akalakwa.

Kuyambira miyezi itatu kufika 6 mano a ukhanda amagwa, enieni n'kumamera, ndipo nkhama zimayabwa. Kapatseni chotafuna chake, monga chingwe chokhuthala chomangidwa mfundo. Zidutswa za ukonde, mbedza za nyambo ndi ulusi zikhale patali, chifukwa kakameza zimenezi kuno kulibe pothawira msanga.

Ndodo siphunzitsa ulonda

Pali chikhulupiriro chakuti galu wolusa amapangidwa ndi ndodo, njala, kutsekeredwa mumdima, kapena kumudyetsa tsabola ndi chamba. Zimenezi zimapanga galu wamantha. Galu wamantha amauwa chilichonse popeza chilichonse chimamuopsa, ndipo amene amamuluma kawirikawiri si mbala, ndi mwana wa pakhomo pomwepo kapena wa neba amene wabwera kudzapala moto. Kumenya kumatha kuletsa phokoso kwa mphindi zochepa, koma kagaluko kamaphunzira kuopa dzanja la munthu. Mawa mukadzafuna kukagwira kuti kalandire katemera, kadzathawira kutchire.

Kumanga galu pa chingwe chachifupi usana ndi usiku nakonso kumachulukitsa kuuwa. Ngati pali chifukwa chokamangira, chingwe chikhale chachitali, pamthunzi, madzi ali pomwepo, ndipo kamasulidwe nthawi ndi nthawi.

Malo ake ndi ukhondo wathu

Kwa ife Asilamu nkhani ya galu imakhudzanso chipembedzo, ndipo chosangalatsa n'chakuti malamulo ake amagwirizana ndi kaleredwe kabwino. Chisilamu chimalola kusunga galu wolonda ziweto, wolonda munda ndi wosakira nyama, ndipo ma Ulama ambiri amaphatikizapo kulonda pakhomo pamene pali chosowa chenicheni. Pa chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene ambiri kuno timatsatira, malovu a galu ndi najisi yaikulu, ndipo chiwiya chimene wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi dothi. Pa tsatanetsatane wa zovala ndi thupi, funsani Shehe wa pamzikiti wanu.

Tanthauzo lake pakhomo ndi lakuti kagalu kakhale ndi mbale yake, dengu lake ndi malire ake kuyambira tsiku loyamba. Kasalowe m'nyumba, kasafike pamene timaswalira, pamene timachitira udhu, kapena pathandala la mbale. Kakawoloka malire, katsogolereni kunja mofatsa, n'kukapatsa mphotho kakakhala pamalo pake. Kuphunzitsa "khala pansi" kumathandiza kwambiri apa, chifukwa kagalu kamene kadziwa kuti moni amalandira katakhala, sikalumphira kanzu ya munthu amene akupita ku Jumu'ah. Pophunzitsa mukhoza kuponya mphothoyo pansi m'malo moipereka m'manja, ndipo ndi bwino kukhala ndi chovala chimodzi cha ntchito imeneyi.

Malire si nkhanza. M'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya munthu amene anakhululukidwa machimo chifukwa chomwetsa madzi galu waludzu. Chiweto chimene tachitenga tokha ndi udindo wathu pamaso pa Allah, chakudya chake, madzi ake ndi mthunzi wake.

Kuuwa kumene tikukufuna

Pakati pa masabata atatu ndi 12 kagalu kamakhala kakuphunzira kuti zinthu za masiku onse ndi ziti. Chimene kazolowera pa msinkhu umenewu sikadzachiopa kakakula. Choncho kaonetseni mofatsa mbuzi, nkhuku, abakha, ana a sukulu, amayi osenza mabeseni a nsomba, njinga zamoto, kulira kwa injini ya boti ndi mawu a adhana. Kakaona nkhuku n'kukhala phee, mphotho. Kakayamba kuithamangitsa, kachotseni pamenepo n'kuyesanso muli patali. Galu amene amadziwa za masiku onse ndiye amazindikira zachilendo. Kumadambo ndi m'mathiriro a mitsinje musapite nako, ng'ona sizisankha.

Kakauwa mochenjeza, tulukani ndithu mukaone, ngakhale mukuganiza kuti palibe kanthu. Kalekeni kauwe kawiri kapena katatu, yang'anani kumene kakuyang'ana, kenako nenani liwu limodzi limene banja lonse lagwirizana, monga "basi." Kaitaneni, kakhale pansi, kakangotseka pakamwa kapatseni mphotho. Kakuphunzira zinthu ziwiri pamenepa: kuti kuitana mwini wake ndi ntchito yake, ndi kuti mwini wake akafika nkhani yatha. Mukamakuwa pofuna kukaletsa, kamaganiza kuti nanunso mukuuwa limodzi nako.

Musade nkhawa ngati kagalu ka miyezi itatu kakugwedezera mchira mlendo aliyense. Mtima woteteza malo umabwera wokha galu akamakula, nthawi zambiri akapitirira miyezi 6. Kumunda kolimbana ndi anyani musakatume kakadali kakang'ono, nyani wamphongo ali ndi mano otha kung'amba galu wamkulu.

Mawu akasintha, ganizirani chiwewe

Pali kuuwa kwina kumene sikufuna maphunziro koma changu. Galu amene mawu ake asasa mwadzidzidzi, akutuluka dovu, akuluma mitengo ndi miyala, akulephera kumeza, kapena khalidwe lake lasintha popanda chifukwa, akhoza kukhala ndi chiwewe. Ana a agalu nawonso amadwala, ndipo ndi amene ana athu amawanyamula kwambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, kuti pafupifupi onse amachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikayamba kuoneka mwa munthu, matendawa sachizika.

Chitetezo chilipo. Kagalu kabayidwe katemera kakafika miyezi itatu, ndipo pakakhala kampeni ya katemera m'dera, pitani nako ngakhale kali kocheperapo, kenako muzibwereza monga alangizi anenera. Agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa, matendawa amaleka kufala. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito imeneyi mu 2015, ndipo linabaya agalu opitirira 35,000 m'masiku 20. Pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe, ndipo nyengo imeneyo ndi yabwino kufunsa alangizi za katemera.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya kuchipatala cha pafupi, ku Chintheche kapena ku Nkhata Bay. Musadikire kuona ngati bala litupe. Galuyo atsekeredwe pamalo otetezeka, osamugwira ndi manja, ndipo alangizi a ziweto adziwitsidwe kuti amuyang'anire kwa masiku 10.

Tisanatenge kagalu

Kulera kagalu ndi ntchito ya miyezi, monga kudikira chinangwa kuti chikhwime. Masabata awiri oyamba ndi a kusowa tulo. Mwezi wotsatira ndi wa kupirira phokoso lopempha. Pofika miyezi 6 banja limene lagwirizana limayamba kuona kusintha, ngakhale pa msinkhu umenewo agalu ambiri amayesanso malire ngati anyamata, ndipo pamafunika kubwereza zimene munaphunzitsa kale.

Choncho banja lidzifunse lisanalandire mphatsoyo. Ndani azikadyetsa kanayi pa tsiku pamene amuna ali panyanja ndipo amayi ali kugombe? Ndalama ya mankhwala a njoka ilipo? Anthu oyandikana nawo tawauza kuti padzakhala phokoso kwa masiku angapo ndi kuwapempha kuti asakagende? Ngati mayankho palibe, ndi bwino kudikira chaka china. Ngati alipo, m'mera mpoyamba: dengu louma, mbale yake, liwu limodzi la banja lonse, ndi katemera pa miyezi itatu. Insha Allah, chaka chamawa nyengo ya usipa ikadzafika, galuyo akadzauwa pakati pa usiku, mudzadzuka mukudziwa kuti kunja kulidi kanthu.